Abulu a Kuchikazi

Ndiseke ine, ndiseke ndi mano anga anayi otsalawa. Lamulungu lapitali tikutuluka m'tchalitchi, amayi ena anandigwira dzanja, nkhope ataikwinya ngati alira, amvekere, "Agogo, malemu amuna anu aja anali munthu wachifundo." Eee! Chifundocho mwachiona liti, mayi? Si inu kodi munkatseka mphuno iwo akamadutsa, mukuti akununkha bulu? Sindinawayankhe zimenezo. Ndinangoti zikomo, n'kulanda dzanja langa, n'kulipukuta pachitenje. Munthu akafa amatsekemera ngati chinanazi cha m'munda wa eni. Ali moyo ankamulavula.

Pensulo ndinaigwira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha, koma nkhani iyi ndiilemba ndekha, pang'onopang'ono, kuti a pakamwa pa shugawa asadzaikonze ine nditagona.

Amuna anga anali a kutsidya kwa malire, mkati kwambiri kupitirira Milanje. Anabwera nthawi ya nkhondo, iwo ndi achemwali awo ndi kamtolo kamodzi pamutu. Anandipeza kwathu kuno kufupi ndi Muloza, pamudzi pa amayi anga, n'kudzamanga nyumba panthaka yathu monga achitira mkamwini aliyense. Kuno mwamuna ndiye atsata mkazi. Munda ngwa mkazi, ana nga mkazi, mitengo ya mapeyala nja mkazi. Mwamuna chake ndi njinga, jekete, wailesi ndi nkhwangwa, ndipo akamwalira akwawo amabwera kudzatenga zimenezo. Ntchito ya amuna anga inali yodulira tiyi kuesiteti. Anali munthu wa mawu ochepa. Ine ndinkayankhula za anthu awiri, ndiye m'nyumba munkakwanira.

Nkhondo itatha, anthu ambiri anabwerera kwawo pa malole. Koma bulu sakwera lole. Abulu amene anasenza ana ndi miphika pothawa anangosiyidwa m'mbali mwa mtsinje, opanda chingwe, opanda mwini, n'kumaswana okha m'mabango. Ife a kuno bulu tinkangomumva m'Baibulo. Katundu wathu timasenza pamutu, wolemera timakweza panjinga. Ndiye zinyama za makutu ataliatalizi zikalowa m'munda tinkazigenda. Ine ndemwe ndinagendapo, sindikana, ndipo dzanja langa siliphonya.

Amuna anga okha ndiwo ankazidziwa, poti bambo awo ankaweta abulu kwawoko. Akaweruka kutiyi, m'malo mokhala pakhonde ngati amuna a anzanga, uyo watsetsereka kumtsinje, kukachotsa nkhupakupa, kukazula minga m'ziboda, kukayankhula ndi nyama m'Chilomwe ngati ndi abale awo. Akabwera ndinkawauza kuti, "Bambo, sambani kaye, musandilowetsere dambo m'nyumba." Iwo n'kusamba, mawa n'kupitanso.

Kenaka kunabwera nzeru. Ha, nzeru za kuno! Wina anapita kuchigawo chapakati, n'kukaona ng'ombe zikukoka ngolo, n'kubwerako mutu utatupa. Anthu anayamba kugwira abulu aja m'mabango, n'kuwasemera goli la ng'ombe, chimtengo cholemera, n'kuwakoleka pakhosi kuti azikoka njerwa ndi mchenga. Tamverani, inu ophunzira. Ng'ombe ili ndi linunda, goli limatsamira pamenepo. Bulu alibe linunda, mphamvu yake ili pachifuwa. Goli likamukhala pakhosi limadya ubweya, likatha ubweya limadya khungu, likatha khungu limadya nyama, kenaka ntchentche zimabwera kudzamaliza. Nanga mankhwala a anzeruwo? Oyilo wakuda wa galimoto, thi! pabala, n'kubwezerapo goli lomwelo. Amuna a ndevu zawo, ovala mathalauza, ena oimba kwaya.

Pamenepo ndi pamene amuna anga anasanduka chiseko cha dera lonse. Tsiku la msika ankakwera njinga n'kukaima pamsewu wa ku Limbuli, kudikira ngolo. Ndinawaonapo ndi maso anga ndikupita kukagulitsa nyemba za kalongonda.

"Achimwene, taimani pang'ono. Nyamayi ikuvulala."

"Ndi yanu, madala?"

"Si yanga."

"Ndiye ikukupwetekani pati?"

"Pomwepa," iwo akugwira khosi lawo.

Anthu gwa! kuseka. Wakabaza wina amvekere, "Patukani, patukani, adokotala a makutu afika!" Wina, "Madala, mwasiya mayi kunyumba mwadzafunsira kuno?" Ine ndili poteropo ndi beseni pamutu, manyazi kufuna kundigwetsa. Iwo osatekeseka. Ankatulutsa m'thumba lamba wosoka okha, wotambalala ngati chikhatho, wa masaka a feteleza, mkati atayikamo nsanza zofewa. Ankamuzungulitsa pachifuwa pa bulu n'kuonetsa mwini ngolo pomangirira zingwe. Ena ankalandira, poti chaulere sichikanidwa. Ena ankalandira n'kukamangira nkhuni panjinga. Ena ankawatukwana mpaka amayi awo amene anatsala m'manda kutsidya.

Nsanza zitatha m'nyumba, tsiku lina chiperoni chikuwaza, ndinafuna bulangete langa la maluwa, lija anandigulira ndili ndi mimba yoyamba.

"Bambo, bulangete langa lafupika bwanji?"

"Latsala theka, mayi."

"Theka linalo?"

"Likugwira ntchito ku Limbuli."

Ndinalalata mpaka agalu a pamudzi anathawa. Masabata awiri ndinagona miyendo ili pamtunda, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawauza kuti apite akafunde bulu.

Chaka china anabwera akukankha njinga, pambuyo pakutsata bulu wamkazi, mutu uli pansi, akuyenda ngati waledzera. Anamupeza atatayidwa pauvuni wa njerwa. Mwini wake anati, "Tengani, chafa kale ichi." Khosi lake sindilifotokoza, mungasiye kudya. Anamutsuka ndi madzi ofunda a mchere, m'mawa ndi masana, m'mawa ndi masana, mchere wake wa m'khitchini mwanga. Bala linatseka. Pachipserapo panamera ubweya woyera, ndiye tinkangomuti wakhosi loyera. Sanabwererenso kukakhala kumtsinje. Ankagona kuseri kwa khitchini, n'kumalira mbandakucha ngati chitseko cha dzimbiri.

Tsono atachira, kuthokoza kwake kunali kotani? Analowa m'munda wa amayi oyandikana nafe n'kudya nandolo, mizere ndi mizere, wina n'kupondaponda. Amayiwo anabwera manja ali m'chiuno, ndipo sanalakwe. Mkamwini akapalamula pamudzi, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi. Kuchikazi anali achimwene anga. Kuchimuna, poti akuluakulu awo anatsala kutsidya ndipo achemwali awo miyendo inkawavuta, ankaimira ndi mwana wa achemwali awowo.

Munthu ameneyu ndimufotokoze. Bambo wamkulu ndithu, woumba ndi kugulitsa njerwa, mimba kutsogolo ngati wameza mtsuko, nsapato zosongoka ngati akufuna kutokosera mbewa. Akamayankhula amayang'ana padenga. Ndi mmodzi mwa amene ankaseka amalume ake pamsika, n'kumauza anthu kuti nkhondo inawasokoneza mutu.

Tsiku la nandololo anakhala pampando wabwino, n'kupachika mwendo pa unzake.

"Ife akuchimuna bulu ameneyu sitikumudziwa," anatero. "Amalume anabwera pamudzi pano ndi manja awo awiri. Chinyamachi chimadya msipu wa pano, chimagona pano, chimachita zonse pano. N'cha kuchikazi. Mlandu wake ngwa kuchikazi."

Achimwene anga anamufunsa, "Mwati n'cha kuchikazi, bambo?"

"Ndatero."

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Kapena ndibwereze m'Chilomwe kuti amalume nawo amve?"

Ndipo anabwerezadi m'Chilomwe, mokweza, akudzimva kukoma, n'kudzuka kukung'untha thalauza, uyo wapita. Amuna anga anangoweramitsa mutu. Ine ndi ang'ono anga awiri tinatapa nandolo wathu wa mbewu, malichero odzaza, n'kukapereka, kenaka n'kukawalimira amayiwo masiku awiri. Khasu lililonse limene ndinkagwetsa ndinkatukwana bulu, khasu linalo n'kutukwana wa nsapato zosongoka.

Patapita zaka, wakhosi loyera anatsikira kumtsinje kukacheza ndi akwawo, n'kubwerako ndi mimba. Anaberekera kuseri kwa khitchini yanga, mwana wamwamuna, miyendo italiitali. Anakula wamphamvu, chifuwa chotambalala, wosadziwa chikwapu. Oumba njerwa akamadutsa ankamuyang'ana momwe fisi ayang'anira mbuzi ya pachingwe.

Kenaka amuna anga anadwala chifuwa, miyendo n'kutupa. M'mawa wina ndinawatulutsa pakhonde kuti aothe dzuwa. Phiri linali litayera, mitambo itachoka. Anayang'ana abulu awiri aja akudya pansi pa mpeyala.

"Mayi, goli lisadzakhudze makosi awo."

"Bambo, mukufa mukuganiza abulu? Ana anu asanu, zidzukulu zanu, ine mkazi wanu, simutisiyira mawu?"

"Inu muli ndi pakamwa, mayi. Iwo alibe."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, "Chabwino, ndamva." Mawu anga anali amenewo basi, koma ine ndikati ndamva ndiye kuti ndamva. Sabata isanathe anatisiya.

Pamaliro, amene analira kuposa tonse ndani? Wa nsapato zosongoka. Kudzigwetsa, kugubuduzika, anthu kumugwira. Kumanda anayankhula kuti amalume anali kuunika kwa banja, anali bwenzi la zolengedwa zonse. Ine pansi pa chitenje changa ndinkangoti, lero nkhondo yawachoka m'mutu eti?

Linafika tsiku lometa. Tsiku limenelo tsitsi limagwa, ndipo katundu wa mwamuna amayalidwa pamphasa kuti akwawo atenge. Atandimeta ndinapita kubafa kukatsuka mutu. Ndikuti ndizungulire kuseri, maso anga pa chinthu chotsamira mpanda. Goli. Latsopano, losemedwa dzulodzulo, likununkhira bulugamu, mabowo anayi, la abulu awiri. Munthu anabwera nalo kumaliro a amalume ake, n'kulibisa kuseri kwa bafa la namfedwa, dothi la pamanda lisanaume.

Ndinadziwa kuti zandivuta. Dera lonse linkadziwa kuti abulu anali mtima wa amuna anga, ndipo dera lonse linkandimva ndikuwatukwana tsiku ndi tsiku. Ndani akanavomera kuti ndi anga? Komanso namfedwa pa tsiku limenelo satsutsana ndi akuchimuna. Amakhala pansi, mutu woweramitsa, womuyankhulira ndi nkhoswe yake. Nkhoswe yanga, achimwene anga aja, anali atakalamba, khutu limodzi litatseka, ndipo za nandolo anali ataziiwala kalekale.

Tinakhala pabwalo, dzuwa lili pamutu. Pamphasa panali jekete, wailesi, nkhwangwa, chikwanje chodulira tiyi, thumba la malamba ndi singano yaikulu yosokera masaka. Njinga inatsamira mtengo. Achemwali a amuna anga, alamu anga, anawanyamula n'kuwakhazika pamkeka chapafupi. Mwana wawo anaimirira n'kuyamba kuloza ndi nsapato.

"Njinga titenga. Wailesi titenga. Jekete ndi nkhwangwa titenga. Zisanza izi ndi chisinganochi azakhali atsale nazo, azikumbukira. Ndiye pali ziweto ziwiri za amalume. Zimenezo tisawavutitse nazo azakhali, akalamba. Tikazisamala ife."

Tikazisamala ife! Ndinayang'ana achimwene anga. Akugwedeza mutu, kuvomera, maso ali kutulo. Ndinakumbuka mawu a pakhonde aja.

Namfedwa satsutsa, inde. Koma ndani analetsapo namfedwa kulira? Ndipo kulira kwa kwathu kuno sikukhala kopanda mawu. Ndinaponya manja pamutu wometawo n'kuuyamba mkuwo wa maliro, mokweza, kuti ndi a kuseri kwa mpanda amve.

"Mayo ine, amuna anga ine,
munaweramitsa mutu pa nandolo ine!
Akwanu anakukanani ine,
anati bulu ngwa kuchikazi ine!
Ananena m'Chichewa, anabwereza m'Chilomwe,
ndinatapa mbewu yanga ine,
ndinalima munda wa eni ine,
mayo, msana wanga ine!"

Ndinaubwereza kawiri. Misozi inali yeniyeni, musaganize kuti ndinkachita sewero, koma khutu langa linali pabwalo. Ang'ono anga anaulandira, poti nawonso misana yawo inkakumbuka. Kenaka kumbuyo kwa azimayi kunamveka mawu. Anali amayi a munda aja.

"Zoona zimenezo! Nandolo anali wanga. Bambo awa anakana pamaso panga, atapachika mwendo. Anandilipa ndi akuchikazi."

Wina anawakuwira achimwene anga kukhutu lamoyo. Anadzidzimuka, n'kutsegula maso, n'kuyang'ana wa nsapato zosongoka nthawi yaitali.

"Eya, ndakumbuka. Ndinakufunsani kawiri, bambo. Mawu a paunkhoswe savunda. Munakana mlandu, ndiye kuti munakana ndi nyama yomwe."

Munthu uja thukuta kamukamu. Koma wochenjera safa msanga. Anapukuta nkhope ndi kampango, n'kumwetulira.

"Chabwino, chabwino, tisakangane pamaliro. Wamkaziyo akhale, wakalamba kale. Ife titenga mwanayo. Nthawi ya nandolo anali asanabadwe. Ameneyo sindinamukane."

Wamphamvuyo ndi amene ankamufuna kuyambira pachiyambi, ndipo nyimbo yanga inali itatha. Pamenepo alamu anga, amayi ake enieni, anagogoda ndodo pansi.

"Iwe, tandiuza. Njingayo ukutenga chifukwa chiyani?"

"Ndi ya amalume, amayi."

"Amalume ako chifukwa cha ndani?"

"Chifukwa cha inu."

"Ndiye mwana amatsata ndani?"

Iye anayang'ana kumwamba, amayi ake n'kupitiriza.

"Ngati mwana satsata amake, choka pamphasapo, siya njinga, pita ukafune chuma kwa abambo ako. Ngati amatsata amake, bulu wamng'onoyo amake nga kuchikazi. Wandichititsa manyazi kawiri pamudzi uno. Khala pansi."

Anakhala. Ha, anakhala! Mimba ija inaphwa ngati chubu cholasidwa ndi minga. Pamaliro saimba nthungululu, ndiye ndinailuma ndi mano anga, inali ikufuna kutuluka yokha. Ang'ono anga anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, anthu n'kumati akulira.

Anatenga njinga yake, wailesi, jekete, nkhwangwa ndi chikwanje, n'kutuluka pamudzi osatsanzika bwino. Kuseri kwa bafa sanapiteko. Akanalitulutsa bwanji goli anthu onse akuona? Linatsala pomwepo, lotsamira mpanda.

Abulu sindinawakonde tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti ndimawakonda lero. Amalira ngati chitseko, amadya ngati alendo a pa Khirisimasi. Koma wakhosi loyera anakhala nane mpaka dzinja lathali. Anagona pansi pa mpeyala m'mawa wina mvula ikuwaza, osadzukanso, khosi lake loyera lili bwinobwino, lopanda bala. Ndinauza ana anga kuti akumbe dzenje. Anthu anati agogo nawonso ayamba misala ya amuna awo. Anene. Pakamwa ndi pawo, bulu ndi wanga.

Wamng'onoyo alipo. Ntchito yake ndi kundinyamulira thumba la kalongonda pamsana popita kumsika, pansi pa thumbalo nditayala theka lija la bulangete la maluwa. Ine patsogolo ndi ndodo, iye pambuyo, wopanda chingwe. Singano ija ndinaiphunzira. Ndikakumana ndi ngolo ya goli ndimaima pakati pa msewu, ndipo ine sindinena kuti achimwene taimani pang'ono. Ine ndimayamba ndi agogo ake a mwini ngolo, n'kutsika nawo mzere wonse, ndikatha ndiye n'kumuponyera lamba. Palibe amene wanditchapo dokotala wa makutu. Amaopa.

Wa nsapato zosongoka timakumana kutchalitchi. Amandipatsa moni akuyang'ana padenga. "Muli bwanji, azakhali?" Ine ndimati, "Tili bwino tonse, bambo, ndi a kuseri kwa khitchini omwe."

Goli lija ndinalilowetsa m'khola la nkhuku, n'kulipingasa pa mitengo iwiri ya mphanda. Nkhuku zanga zimagonapo, ndipo zimene nkhuku zimachita pogona mukuzidziwa. Layera mbuu, kuposa khosi la malemu bulu. Ndi lake, sindikana, ndi katundu wa kuchimuna. Tsiku limene adzalifune adzabwere masana, adzalowe m'kholamo chokwawa, adzalitenge. Koma sopo adzabwere naye yekha.